Laputopu ya Linux ikamauma RAM itadzaza: swap, zram, earlyoom kapena systemd-oomd?

Kuuma kwa laputopu kulipo kwamitundumitundu, ndipo mankhwala a mtundu wina sachiza unzake. Kumene ndikunena pano ndi kuja kobwera pang'onopang'ono. Mwatsegula matabu ambiri mu Firefox kapena Chrome, LibreOffice ili pambali, kenako mausi ayamba kudumphadumpha, mawu ayamba kudukaduka, kanyale ka disiki kayaka osazimanso, mapeto ake zonse zaima njii. Kuuma kotere nthawi zambiri kumakhala kuti RAM, memori imene mapulogalamu amagwiriramo ntchito, yadzaza. Ikakhala kuti sikirini yangouma mwadzidzidzi disiki ili zii, kapena kanyale ka Caps Lock kakuphethira, limenelo ndi vuto lina, mwina la kernel (phata la Linux loyendetsa makina onse) kapena la driver ya zithunzi monga nouveau pa makina a NVIDIA, ndipo zimene ndikuyerekeza apazi sizikuthandizani.

Kuti mutsimikize, mukayatsanso makina lembani journalctl -k -b -1 mu terminal n'kufufuza mzere wonena kuti "Out of memory: Killed process". Mukapanda kuupeza musafulumire kunena kuti RAM ilibe mlandu, chifukwa ambirife timadina batani lozimitsira kernel isanachitepo kanthu. Ndi bwino tsiku lina, makina akayamba kulemera, muone free -h pa gawo la "available". Nambala imeneyo ikamayandikira ziro, mwalipeza vuto.

N'chifukwa chiyani makina amauma m'malo mongotseka pulogalamu imodzi? Apa m'pamene njira zinayizi zimasiyanirana. Kernel ili nacho chida chake chopha pulogalamu memori ikatha, OOM killer, koma chimadikira mpaka zitafika posauzana. Chisanadzuke, kernel imayamba yataya chilichonse chimene ingathe kuchiwerenganso pa disiki, ngakhale zidutswa za mapulogalamu amene akugwira ntchito nthawi yomweyo. Chidutswa chatayidwa, posakhalitsa chafunikanso, chawerengedwa, china chatayidwa, basi kumangozungulira. Kernel ikuona ngati malo akadalipo, pamene inu muli kutsogolo kwa sikirini yosayenda. Swap ndi zram zimawonjezera malo opumira. Earlyoom ndi systemd-oomd zimapha msanga pulogalamu imodzi kuti ena apulumuke.

Tiyambe ndi swap ya pa disiki, malo amene kernel imasunthirako zina za mu RAM ikayamba kudzaza, imene ndi yakale pa zonse. Ubuntu inayamba kuiika mu fayilo m'malo mwa partition kuyambira pa 17.04, choncho kuikulitsa sikuvuta. Lamulo la swapon --show likuonetsani imene muli nayo. Ubwino wake ndi woti malowo ndi owonjezeradi, sadya RAM, ndipo ngati mumafuna hibernate, swap ya pa disiki ndiyo yokhayo imene ingasunge ntchito yanu makina atazimiratu. Koma disiki imachedwa kwambiri poyerekeza ndi RAM. Pa SSD mungapirire. Pa hard disk yozungulira ija, swap yaikulu sichotsa kuuma, imangokutalikitsa. Ena amati ndiye bola kuichotseratu. Ine sindigwirizana nazo: popanda swap, kernel ilibe kosunthira memori imene yangokhala, ndiye imathamangira kutaya zidutswa za mapulogalamu zija, kuuma n'kubwera msanga.

Zram ndi swap yomweyo, koma yokhala mu RAM momwemo itafinyidwa. Inalandiridwa mokwanira mu kernel pa Linux 3.14 mu 2014, Android ndi ChromeOS zimaigwiritsa ntchito, ndipo Fedora inayamba kubwera nayo yoyatsa kale pa Fedora 33 mu 2020. Poyamba zimamveka zachilendo kuti mutenge RAM yoperewera kale n'kupatulako ina, koma zram siitenga malo ikakhala yopanda kanthu, ndipo memori ya browser imafinyika bwino, kawirikawiri kawiri kapena katatu mukamagwiritsa ntchito njira yofinyira ya zstd. Kufinya ndi kufutukula kumadya purosesa pang'ono, komabe n'kofulumira kutali ndi kudikira disiki. Pa laputopu ya 4 GB kusiyanaku kumamveka tsiku loyamba lomwe. Pa Debian ndi Ubuntu mutha kuika zram-tools kapena systemd-zram-generator, ndipo zramctl imaonetsa kuchuluka kwa zomwe zalowamo ndi malo amene zatenga zitafinyidwa.

Zofooka zake zilipo ziwiri zimene anthu satchula kawirikawiri. Hibernate siingalembedwe mu zram, poti RAM imafufutika magetsi akachoka. Chachiwiri, mukaphatikiza zram ndi swap ya pa disiki, zram imatha kudzaza ndi zinthu zakale zosagwiritsidwa ntchito, zatsopano zofunikazo n'kumapita ku disiki yochedwa. Amene muli ndi SSD ndipo mukufuna zonse ziwiri, onani zswap, imene ilipo kuyambira pa Linux 3.11: imafinya mu RAM, ikadzaza n'kumakankhira zakalezo ku disiki. Musayatse zswap ndi zram pamodzi.

Zonsezi zimangochedwetsa tsiku latsoka. Pulogalamu imene ikudya memori osabweza idzadzaza swap iliyonse, ikule bwanji. Ndiye pafunika wopha msanga, ndipo apa m'pamene ndili ndi zonena zambiri.

Earlyoom ndi kapulogalamu kosavuta kumva. Imayang'ana RAM yotsala ndi swap yotsala. Zonse zikatsika kupyola 10 peresenti imapempha pulogalamu yodya kwambiri kuti itseke, zikatsika kupyola 5 peresenti imaipha osafunsa. Imapha process imodzi yokha, kutanthauza gawo limodzi la pulogalamu limene likuyenda palokha. Zimenezi n'zofunika, chifukwa Firefox ndi Chrome zimagawa matabu m'ma process osiyanasiyana, choncho nthawi zambiri chimene chimafa ndi tabu imodzi kapena zingapo, browser n'kukhalabe. Mutha kuiuzanso ndi --avoid mapulogalamu oti isawakhudze, ndi --prefer oti iyambire. Msampha wake uli pa mawu akuti "zonse": mukakhala ndi swap yaikulu pa disiki yochedwa, earlyoom idikira kuti swap nayo ithe, makina atauma kalekale. Zikatero onjezani -s 100 mu /etc/default/earlyoom kuti izingoyang'ana RAM yokha. Ambiri amene amati earlyoom siinawathandize, ndimakayikira kuti anagwa m'mbuna imeneyi.

Systemd-oomd imaganiza mozama kuposa pamenepo. Inachokera ku oomd ya Facebook, ndipo imadalira PSI, muyeso umene unalowa mu Linux 4.20 wosonyeza nthawi imene mapulogalamu akutaya podikira memori. Mutha kuuona nokha mu /proc/pressure/memory. Muyeso umenewu ndi wabwino kuposa kungowerenga malo otsala, chifukwa ukuyeza kuuma kwenikweniko. Fedora inali itayatsa earlyoom pa Fedora 32, koma pa Fedora 34 mu 2021 inasinthira ku systemd-oomd, ndipo Ubuntu inaiyatsa pa 22.04.

Vuto ndi kaphedwe kake. Systemd-oomd siipha process, imapha cgroup yonse, kutanthauza gulu la ma process oikidwa pamodzi. Browser yonse ndi matabu ake onse imangosowa pa sikirini. Ubuntu 22.04 itangotuluka anthu ambiri anadandaula kuti mapulogalamu awo akutsekeka pamene makina sanaume n'komwe, mpaka anakonza kuti isamafulumire kupha chifukwa cha swap. Pa desktop za GNOME ndi KDE Plasma zinthu zimakhalako bwino, poti pulogalamu iliyonse imaikidwa mu cgroup yakeyake. Pa desktop yopepuka imene siichita zimenezi, mapulogalamu onse amatha kukhala mu gulu limodzi, ndipo gululo likaphedwa mumapezeka mwabwerera pa sikirini yolembapo password, ntchito yonse yapita. Ganizirani kuti amene amasankha desktop yopepuka ndi omwewo a RAM yochepa, amene akufunikira chithandizochi kuposa wina aliyense. Kwa seva imene ntchito iliyonse ili m'gulu lake, systemd-oomd ili pamalo pake. Pa laputopu yakale ndimasankha earlyoom.

Ndisaiwale njira yamanja. Alt+SysRq+F imalamula kernel kudzutsa OOM killer nthawi yomweyo, ndipo imamveka ngakhale mausi atasiya kuyenda. Koma pa Ubuntu kernel.sysrq, imene imasankha malamulo a SysRq ololedwa, imabwera ili pa 176, nambala yolola kusunga zolembedwa pa disiki ndi kuyatsanso makina koma yosalola F. Isintheni ikhale 244 kapena 1 lero, makina akadali bwino. Pa malaputopu ambiri SysRq ili pa batani la PrtSc, mwina pamodzi ndi Fn.

Ndiye musankhe chiyani? Wa 4 GB ndi hard disk: zram ndi earlyoom, swap ya pa disiki ikhale yaing'ono kapena isakhalepo. Wa 8 GB kapena kuposa, wokhala ndi SSD ndipo amafuna hibernate: swap ya pa disiki yokwanira zonse za mu RAM, zswap pamwamba pake, ndi earlyoom ya -s 100. Amene muli pa Fedora ya GNOME muli nazo kale zram ndi systemd-oomd. Zisiyeni mpaka mutaona kuti kutsekeka kwa browser yonse kukukupwetekani. Mukaganiza zosintha, zimitsani yakaleyo ndi systemctl disable --now systemd-oomd, chifukwa opha awiri pamakina amodzi amachititsa kuti musadziwe watseka pulogalamu yanu ndani.

Mukamaliza, musadikire tsiku la ntchito yofunika kuti mudziwe ngati zagwira. Sungani zonse zimene mwatsegula, kenako lembani tail /dev/zero mu terminal. Lamulo limeneli limadya memori osaleka. Ngati mwakonza bwino, makina alemera kwa kanthawi, tail iphedwa, mausi n'kuyambanso kuyenda, ndipo journalctl -e ikuuzani amene wapha. Akauma mphindi zingapo, bwererani ku swapon --show muone ngati si swap yaikulu ija imene ikuchedwetsa earlyoom.