Ankafuna kundigulitsa batire, koma vuto linali fumbi ndi buleki

Galaja ina ya mu Lilongwe ndikuipatsa nyenyezi zitatu pa zisanu. Zitatuzo ndi za mnyamata wa kushedi, bambo wa padesiki sindikumupatsa ngakhale theka.

Galimoto yanga ndi Prius ya 2010, hybrid yoyendera petulo ndi batire, ija ya injini ya 1.8, yobwera kuchokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam, ndipo panopa yadutsa makilomita 240,000. Kale inkayenda makilomita 20 pa lita mumsewu wa M1 popanda kuinyengerera. Chaka chino inayamba kumwa mafuta mpaka kufika pa 13, injini osazima ngakhale nditaima pamaloboti, komanso kumbuyo kunkamveka kuwomba kwa fani kosalekeza. Mmene petulo wakwerera, ndi mizere ija ya pomwetsera mafuta, simungangokhala n'kumayang'ana. Anzanga anandilozera galaja ina muno mu Lilongwe yomwe imadzitcha akatswiri a ma hybrid.

Bambo wa padesikiyo sanadzuke n'komwe pampando. Anangofunsa chaka ndi makilomita, basi chigamulo chatuluka: "Bwana, pamenepo batire yatha. Tili nayo ina yochoka m'galimoto ya ngozi, tikupangirani mtengo wabwino." Mtengo wa batire ya hybrid mukuudziwa nonse, makamaka kuyambira pomwe kwacha inagwa mu November 2023. Ndinamuuza kuti padashibodi palibe nyali yochenjeza yomwe yayaka, ndipo ndinafunsa ngati sayamba kaye aika kompyuta kuti tione ngati P0A80 yatuluka, nambala ija imene imasonyeza kuti batire ikufunika kusintha. Anaseka, n'kunena kuti iwo magalimoto amenewa amawadziwa ndi khutu. Ndalama yopimira analandira ndithu, kenako anandisiya pabenchi mpaka dzuwa kufika pamutu, anthu obwera m'mbuyo mwanga akulowetsedwa. Ndikukhulupirira kuti chinali chilango chokanira batire yake. Chimandiwawa n'chakuti alipo anthu amene amangomvera mawu otere, n'kukatenga ngongole kuti agule batire yakale imene palibe akudziwa kuti inayenda mtunda wotani.

Ndinali pafupi kunyamuka pomwe mnyamata wina wa ovolosi yong'ambika pabondo anabwera ndi laputopu. Anailumikiza pansi pa chiwongolero, nati, "Bwana, yendetsani inuyo, ine ndizionera apa." Tinazungulira, akundiuza poponda mafuta mwamphamvu ndi poponda buleki. Anandionetsa pasikirini kuti batire ya Prius imeneyi ili ndi timabatire 28 timene kompyuta imawerenga tiwiritiwiri, ndiye pamaoneka magulu 14. Batire ikamafa, gulu limodzi limagwa kwambiri kusiya anzake mukaponda mafuta. Yanga magulu onse ankatsika ndi kukwera limodzi, limodzi lokha likutsalira pang'ono. Chimene sichinamusangalatse chinali kutentha kwake. Anafotokoza kuti batire ikatentha, galimoto imachepetsa kuigwiritsa ntchito pofuna kuiteteza, ndiye injini ndi imene imasenza katundu yense. Mafuta amathera pamenepo.

Titabwerera anachotsa mpando wakumbuyo, n'kumasula fani yoziziritsa batire imene imakoka mpweya pa kazenera ka m'mbali mwa mpandowo, kudzanja lamanja. Anandiitana kuti ndidzaone ndekha. Timapiko ta faniyo sitinkaoneka. Fumbi lofiira la kwathu kuno linali litaumbika ndi tsitsi, ulusi wa zovala ndi makoko a mtedza, zonse zitagwirana ngati chisa cha mbewa. Anakokota ndi kaburashi, fumbi likugwera panyuzipepala imene anayala pansi, ndipo mulu wake unadzaza manja awiri. Mphepo inkadutsa pati? Zaka zonsezi palibe amene anatsegulapo, ngakhale kumene ndinkapititsa galimoto ku sevisi.

Sanalekere pomwepo. Anazungulira galimoto akuyandikiza dzanja pa tayala lililonse, ndipo lakumbuyo kumanzere linali lotentha kuposa ena. Atainyamula pa jeki, tayalalo linkakana kuzungulira ndi dzanja. Timapini ta buleki tinali titachita dzimbiri, buleki n'kumagwira pang'ono ulendo wonse. Akuti pa hybrid zimachitikachitika, chifukwa nthawi zambiri imene imachepetsa liwiro ndi mota, uku ikutchaja batire, ndiye mabuleki enieniwo amakhala osagwira ntchito mpaka kuuma. Matayala onse analinso ndi mpweya wochepera pa umene unalembedwa pa kapepala ka pachitseko. Oyilo anamugwira ndi zala n'kupukusa mutu: wolemera, wa mtundu wa 20W-50, pomwe injini iyi imafuna 0W-20.

Apa ndiye mtima wanga unayamba kutsika, chifukwa galajayi zida ili nazo ndithu, ndipo munthu wodziwa ntchito alipo. Ndinamufunsa kuti, "Achimwene, nanga kunjenjemera kwa m'mawa ndikangoliza kuja?" Anati ndi EGR, njira imene imabweza utsi wina mu injini, yomwe pa Prius ya mtundu uwu imatsekeka ndi mwaye makilomita akachuluka. Sanandinamize kuti kuitsuka kubweza mafuta ambiri. Anati phindu lake lalikulu n'kuteteza gasiketi ya injini, imene imakonda kupsa pa magalimoto amenewa EGR ikatsekeka. Ndinavomera, galimoto inagona komweko, ndipo m'mawa mwake anandionetsa kapaipiko katatsukidwa, kuwala kukudutsa.

Panopa ikuyenda pakati pa 17 ndi 18 pa lita m'tauni ndi mumsewu waukulu, ndapima kuchokera tanki yodzadza kufika podzadzanso, osadalira za padashibodi zokha. Injini yayambanso kuzima pamaloboti ndipo kumbuyo kuli zii. Pa 20 sinabwerere, ndipo mnyamatayo ananeneratu kuti sibwerera: batire yakalamba, gulu lotsalira lija tsiku lina lidzagonja. Koma tsikulo silinafike, ndipo ndalama ya batire ikanapita pachabe buleki ikugwirabe, fani ili chitsekekere.

Pokalipira ndinakumananso ndi bambo uja. Palisiti panali mzere wakuti akonza batire, ndalama yake yoposa ya mabuleki ndi EGR kuphatikiza. Ndinafunsa kuti batire yakonzedwa pati, poti ndinaona ndi maso anga kuti angotsuka fani. Anayamba kuzungulira, mpaka ndinaitanitsa mnyamata uja kuti anene yekha zimene wachita. Mzerewo bamboyo anaudula pakati, nkhope ili gwaa, osapepesa. Kapulasitiki kena ka m'mbali mwa mpando anandibwezera katathyoka, ndipo palibe anatchulapo.

Ngati muli ndi Prius kapena Aqua imene yayamba kumwa mafuta, mukhoza kupita, koma kanani kukambirana za batire laputopu isanalumikizidwe, ndipo kwerani nawo poyesa galimoto kuti magulu a batirewo muwaone nokha. Oyilo wa 0W-20 bwerani naye, pa iwo ndi wodula kuposa m'mashopu a m'tauni.