Toyota Aqua ya 2013: galimoto ndilibe nayo mlandu, mlandu uli ndi bambo anandigulitsa aja

Ndakhala nayo pafupifupi zaka ziwiri, ndiye pano ndikhoza kuyankhula. Ndinaigula mu February 2024 payadi ina yogulitsira magalimoto muno mu Lilongwe, K13.5 miliyoni, nditagulitsa Mark X yanga mtima ukuwawa. Chifukwa chake mukuchidziwa nonse. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, petulo anachoka pa K1,746 n'kufika pa K2,530 lita imodzi, ndipo injini ya Mark X ya masilinda 6 ija inasanduka mkazi wachiwiri pakhomo. Mutauni inkandipatsa makilomita 8 kapena 9 pa lita. Pofika pa 20 mwezi ndinkakhala nditabwerera kale pa minibasi, galimoto ili phee pansi pa mtengo wa mango ku Area 49, nkhuku zikubisalamo dzuwa.

Wogulitsayo anali bambo wa tcheni pakhosi ndi mafoni awiri, wosatha chiganizo osanena kuti "biggy". Mawu ake ndikuwakumbuka bwinobwino. "Biggy, iyi simwa mafuta, imangonunkhiza. Makilomita 35 pa lita. Yangotsika kumene ku Dar, yayenda 62,000 basi, ankayendera ndi agogo ena a ku Japan popita kumsika." Anandilonjeza mamati apansi, tayala la sipeya, komanso kachipangizo kothandiza wailesi kugwira masiteshoni athu, popeza wailesi za ku Japan zimathera pa 90. Ndinafunsa auction sheet, kapepala kaja kamasonyeza mmene galimoto inaliri poigulitsa ku Japan. Akuti kali ndi mnyamata wawo ku Songwe, kabwera Lachisanu. Ndinaseka nawo, ndinalipira. Kupusa kwanga kunayambira pamenepo.

Za 35 zija tithane nazo msanga. Nambalayo ilipodi, ndi ya mayeso a ku Japan otchedwa JC08, omwe amachitikira m'nyumba galimoto ili pamakina, popanda mahampu, popanda akabaza, popanda apongozi kumbuyo. Ine ndimadzadza thanki, kulemba makilomita, kudzadzanso n'kuwerengetsa. Mutauni ndimapeza 22 mpaka 24. Pa M1 nditanyamula anthu, AC ili yoyatsa, 20 kapena 21. Si 35 ayi, koma kwa munthu wochokera pa 9 ndinkangomwetulira ndekha ngati wopenga.

Tsopano nkhani yandilembetsa ndemangayi. Mu October 2024, kutentha kuja kwa mvula isanagwe, kunagwa maliro a malume awo a mayi a kunyumba ku Ntcheu. Tinanyamuka m'mamawa anthu asanu: ine, mayi a kunyumba, apongozi anga, mlamu wanga ndi msuweni wawo wina amene anangotulukira pageti ndi chikwama. Buti ya Aqua mukuidziwa kuchepa kwake, ndiye thumba la ufa linalowa kumbuyo, pomwe kabichi, shuga ndi bulangeti la apongozi zinakhala kumapazi a anthu apampando wakumbuyo. Tinalipira pa Kalinyeke, tinayamba zitunda za ku Dedza zija. Mwadzidzidzi kunamveka kulira kwa "piii", nyali zinayaka padashibodi, injini inayamba kubangula ngati ndaponda mafuta mpaka pansi, koma galimoto osathamanga. Lole yonyamula simenti imene ndinaipitirira monyada kumbuyoku inandipitanso, kondakitala wake akundibayibitsa.

Ndinaima pambali, pafupi ndi amayi ogulitsa mbatata ya kachewere. Ndinatsegula boneti ngati ndikudziwa chimene ndikuyang'ana. Mawaya a olenji, basi. Anyamata awiri anabwera n'kunena kuti, "Bwana, tikankhe ilira." Mwamwayi ndinali nditamvapo kuti galimoto za haibulidi ngati Aqua, zoyendera petulo ndi batire, sizilizidwa pokankha, ndinawathokoza. Apongozi, omwe chichokereni ku Lilongwe anali chete, anatsitsa galasi pang'onopang'ono. "Bambo a Tadala, kodi galimoto yaikulu ija inalakwa chiyani?" Sindinayankhe. Ndikanati chiyani?

Ndinaimbira wogulitsa uja. Ulendo woyamba sanayankhe. Wachiwiri, sanayankhe. Ndinabwereka foni ya mlamu wanga, ndipo nambala yachilendo anayankha isanaitane kawiri. Nditadzitchula dzina, u-biggy wonse unathera pomwepo. "Achimwene, galimoto ikatuluka pageti ndi yanu. Miyezi isanu ndi itatu mwakhala mukuyendera, lero muziti ine? Mwina mwathira petulo wa m'zigubu." Ndinati chabwino, ndiuzeni chabe makaniko amene amadziwa galimoto zimenezi. Akuti ali mumsonkhano, andiimbira. Mpaka lero msonkhanowo sunathe.

Tinakhala pamenepo pafupifupi ola. Anthu anatsika kukakhala pamthunzi, katundu tinatsitsa, zitseko zonse zili yasa. Nditayesanso, kanyali ka READY, kosonyeza kuti galimoto yakonzeka kuyenda, kanayaka, galimoto n'kuyamba kuyenda, koma mwaulesi. Tinakwawa choncho kudutsa pa Lizulu mpaka kufika. Tinapeza bokosi latuluka kale m'nyumba, anthu ali pa ulendo wa kumanda, ufa wathu umene ukanadyetsa adzukulu ukanali m'galimoto. Amene munakwatira ku Ntcheu mukudziwa mmene amakuyang'anira mkamwini wofika mochedwa pamaliro, tsono wabweretsanso mochedwa mlongo wake wa malemu. Manyazi amenewo ndi amene sindidzamukhululukira bambo wa tcheni uja, kuposa ndalama.

Titabwerako mnzanga wa kuntchito anandilozera kwa mnyamata wina ku Biwi. Kagalaja kake n'kosaoneka bwino, koma ali ndi kompyuta ndipo amadziwa chimene akuchita. Analumikiza, panatuluka nambala yakuti P0A80, n'kundiuza kuti imeneyi imanena za batire lalikulu. Mtima unangoti phwii, chifukwa mitengo ya batire lathunthu ndinali nditaimva. Iye osatekeseka. Anachotsa mpando wakumbuyo, poti mu Aqua mabatire onse awiri, lalikulu ndi laling'ono lija la 12V, amakhala pansi pa mpando umenewo. Anandionetsa kafani kamene kamaziziritsa batire. Abale, chimene chinatuluka mmenemo! Fumbi, ubweya, tsitsi, zonse zitaumbika ngati chisa cha mbewa. Ubweyawo unali wa galu, ndipo ine galu sindinakwezepo. Ndiye kuti unachokera ku Japan komweko, ndipo payadi paja anangopukuta kunja n'kuthira mafuta onunkhira.

Batire lalikulu lili ndi timagawo 20 tolumikizana, tonse pamodzi timapanga mavoti 144. Anatiyeza kamodzikamodzi, tiwiri tinapezeka tofooka. Kenako anandiitana, "Madala, tabwerani muone ichi." Pamphuthu ya chitseko cha dalaivala, m'munsi, panali kasitika kakang'ono ka galaja ya ku Japan kolembapo za kusintha oyilo. Zilembo sindinazimve, koma manambala samasowa womasulira: 141,000 km. Galimoto imene ndinaigula ikusonyeza 62,000. Agogo opita kumsika aja ayenera kuti msika wawo unali kutali zedi.

Ndinapita nako kuyadi kachithunzi kameneko. Yankho lake linali lakuti, "Zimenezo ndi za ku Japan, ife timangolandira." Auction sheet ija akuti inasowa. Ndinakweza mawu mpaka makasitomala awiri amene ankazungulira Sienta anachoka, ndipo ndi phindu lokhalo limene ndinapeza tsikulo.

Komabe ndinene chilungamo, chifukwa mnyamata wa ku Biwi uja sanandinyengerere. Anandionetsa pamene mpweya umalowera, timabowo tili m'munsi mwa mpando wakumbuyo, n'kundifunsa chimene chinali pamenepo tsiku la ulendo. Bulangeti la apongozi ndi kabichi. Kafani kotsekeka kale, ife n'kutsekanso polowera mpweya, anthu asanu, chitunda, dzuwa la October. Batire likatentha kompyuta ya galimoto imachepetsa mphamvu dala kuti lisapse. Kunena kwina, galimoto inkadziteteza kwa ine. Mkwiyo wanga pa iyo unathera pomwepo. Wotsala ndi wa munthu amene amagulitsa galimoto zotere tsiku ndi tsiku koma sangathe kukuuza chiganizo chimodzi chokha chakuti pansi apa musamatsekepo.

Kutsuka kafani, kusintha timagawo tiwiri ndi oyilo wa 0W-20 zinanditengera K380,000. Anandichenjeza kuti kusintha timagawo n'kuzigamba chabe, tsiku lina batire lonse lidzafuna kusintha, ndiye ndimasunga kenakake mwezi uliwonse. Papita chaka ndi miyezi, nyali ija sinayakenso. Kafani timatsuka ulendo uliwonse wachiwiri wosintha oyilo, chifukwa fumbi lathu lino si la ku Japan.

Pamene ndinaikondera zenizeni ndi pamizere ya mafuta ya kumapeto kwa 2024. Anzanga ankazimitsa injini n'kumakankha galimoto mzere ukasuntha, thukuta lili kamukamu. Ine ndinkangochotsa phazi pabuleki, iyo n'kuseseleka pa batire mwakachetechete, AC ikuwomba chifukwa ya Aqua imayendera magetsi. Injini imadzuka pang'ono kudzadza batire n'kugonanso. Bambo wina wa Prado amene tinagona naye pamzere ku Kanengo anafika pondifunsa ngati ndingagulitse. Thanki ya Aqua ndi ya malita 36, ndipo ndikadzadza ndimayenda makilomita oposa 700, kutanthauza kuti pamzere ndinkapita kawiri pamwezi pomwe ena ankapita sabata iliyonse. Kwa anyamata a zigubu sindinagulepo ngakhale lita imodzi, bambo wa tcheni amve zimenezo.

Petulo atafika pa K3,499 mu October 2025 ndinakhala pansi ndi cholembera. Pamwezi ndimayenda makilomita pafupifupi 1,200. Pa Aqua amenewo ndi malita 55, pamtengo wa nthawiyo ndalama zosakwana K200,000. Pa Mark X akanakhala malita 140, pafupifupi K490,000. Kusiyana kwakeko kunali fizi ya Tadala.

Zodandaula zina zilipo koma n'zazing'ono. Ndi yaifupi, masentimita 14 okha kuchoka pansi, ndiye mahampu ena ndimawakwera chammbali ngati nkhanu, ndipo nthawi ya mvula msewu wa kwathu ndimauzungulira. Pa tala wokhakhala imachita phokoso mkati. Ikamayenda pa batire anthu oyenda pansi saimva, hutala ndiye amagwira ntchito. Batire laling'ono likafooka siyaka n'komwe ngakhale lalikulu likhale lodzadza, zinandichitikira kamodzi ana atasiya nyali ya mkati usiku wonse.

Galimoto ndikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5. Yadi ija ndikanakonda pakanakhala poika ziro. Mukapita kulikonse kukagula, tengani makaniko wanu wa kompyuta, auction sheet muione ndi maso musanatulutse tambala, ndipo suzumirani m'mphuthu za zitseko. Tayala la sipeya ndinagula ndekha kwa Tsoka, kachipangizo ka wailesi chimodzimodzi. Sabata yatha bambo aja ananditumizira zithunzi pa WhatsApp, akuti, "Biggy, yafika Fielder haibulidi, 48,000 basi." Ndinawafunsa za mamati anga. Timizere tiwiri tinasanduka tabuluu, yankho sindinalandire.