Postinor, ellaOne kapena lupu: kondomu ikaphulika mugwire iti?

Werengani maola kaye. Umuna umatha kukhala wamoyo m'thupi mwa mayi mpaka masiku 5 ukudikirira dzira, ndipo njira zonse za kulera kwadzidzidzi zikupikisana ndi masiku amenewo, kaya kondomu yaphulika, kaya mwalumphitsa mapiritsi, kaya tsiku la jakisoni linakudutsani kalekale.

Ambirife timadziwa Postinor-2 basi. Ndi amene timamunong'oneza wogulitsa ku famase, diso limodzi lili kuchitseko kuti pasalowe mayi wa kumvano. Muli levonorgestrel, timapiritsi tiwiri ta 0.75 mg, ndipo mutha kumeza tonse nthawi imodzi osadikira maola 12 monga ankatiuzira kale. Ntchito yake ndi kuchedwetsa dzira kuti lisatuluke. Ngati latuluka kale, piritsi lafika mochedwa, ndipo mimba imene yakhazikika kale silichotsa. Pakatoni amalemba maola 72, koma musawaone ngati masiku atatu opumira: mphamvu yake imacheperachepera, tsiku loyamba ndiye labwino.

Ine ndinamwapo. Ndinamwa ndi tiyi wopanda mkaka m'mawa, pofika masana kamseru kanali pakhosi, mutu ukulemera, ndipo mawere anawawa masiku awiri. Ena amamva chizungulire, kutopa, kupotokola m'mimba, kapena amadontheza timagazi pakati pa mwezi. Zonsezi zimatha zokha. Chimene chinandisowetsa tulo ndi msambo, umene unachedwa masiku anayi, ine n'kumapita kuchimbudzi kukasuzumira ola lililonse. Msambo umatero, umatha kufulumira kapena kuchedwa. Ukachedwa kupyola masiku 7, kayezetseni mimba. Mukasanza pasanathe maola awiri chimwereni, mankhwala atuluka nawo, imwaninso ena. Zakuti Postinor amawononga chiberekero mpaka munthu osadzaberekanso ndi nkhambakamwa za kusaluni, palibe umboni wake.

Pali zinthu ziwiri zimene wogulitsa sakufunsani nthawi zambiri. Choyamba ndi thupi lanu: mukapyola makilogalamu 70, levonorgestrel akhoza kuchepa mphamvu, ndipo ku Britain madokotala amalangiza kumwa kawiri muyezo wake, 3 mg, kapena kusankha njira ina. Chachiwiri ndi mankhwala ena amene mukumwa. Rifampicin wa TB, carbamazepine ndi phenytoin a khunyu, ndiponso efavirenz wa m'ma ARV akale amachititsa chiwindi kusungunula piritsilo msanga. Amene ali pa TLD, ARV yatsopano ya dolutegravir, imene Malawi anayamba kusinthirako mu 2019, alibe vuto limeneli. Nenani zimene mukumwa, musachite manyazi.

EllaOne, amene muli ulipristal acetate wa 30 mg, ndi piritsi limodzi lokha. Amamposa Postinor poti amagwira mpaka maola 120 mphamvu yake osagwa kwenikweni, ndipo amathabe kuimitsa dzira litatsala pang'ono kutuluka, pamene levonorgestrel wagonja kale. Zovuta zake n'zofanana ndithu ndi za mnzakeyo, mutu, mseru, m'mimba, kungoti amakonda kuchedwetsa msambo. Ali ndi lamulo lake: mukamwa, dikirani masiku 5 musanayambirenso mapiritsi olera a tsiku ndi tsiku, chifukwa amalimbana, ndipo pamasiku amenewo mpaka mapiritsiwo atayamba kugwira, kondomu isasowe. Omwa rifampicin ndi mankhwala ena aja, uyu si wanu. Anzathu a ku London ndi Manchester amamugula pa kauntala. Kuno kumudzi ndi wodula ndipo sapezeka wamba, choncho musataye tsiku lathunthu mukumusaka Postinor ali pafupi.

Lupu ndiye anthu samuganizira n'komwe, chikhalirecho ndi amene amaposa onse. Lupu ya kopa ikaikidwa pasanathe masiku 5, pa amayi 100 osakwana mmodzi ndi amene angatenge mimba. Kopayo amafooketsa umuna ndiponso amalepheretsa dzira kukhazikika m'chiberekero, choncho imagwirabe ngakhale dzira litatuluka. Siisamala kuti ndinu onenepa, siisamala za mankhwala a TB kapena a khunyu, mulibe mahomoni, ndipo mukaifuna ikhalabe mmenemo zaka 10 kapena kuposerapo. Mukafuna mwana, aichotsa, n'kutenga pakati ngati kale.

Mtengo wake uli pathupi. Muyenera kupita kuchipatala cha boma kapena kwa Banja La Mtsogolo, kugona chagada pabedi, namwino wophunzira ntchitoyo n'kulowetsa kachipangizo ka ngati T kudzera pakhomo la chiberekero. Zimatenga mphindi zochepa koma cham'mimba chake chimaluma ndithu. Miyezi yoyamba msambo umachuluka, umatalika ndiponso umapweteka kuposa kale, kotero amene amataya magazi ambiri kale aganize kawiri. Ngati pali matenda opatsirana pogonana amene akutulutsa mafinya, namwino sangaike pompo. Ine ndikanadziwa zonsezi tsiku lija, ndikanameza Postinor m'mawa womwewo n'kupitabe kukafunsa za lupu, mmalo mokhalira kuwerenga kalendala milungu iwiri.

Njira inanso, ya Yuzpe, yotchedwa dzina la dokotala wa ku Canada, Albert Yuzpe, ndi yogwira pamene palibiretu china. Mumamwa mapiritsi olera a tsiku ndi tsiku a Microgynon anayi, kenako anayi ena pakatha maola 12, osawerengera abulauni aja opanda mahomoni. Imagwira mocheperapo, ndipo mseru ndi kusanza kwake zimaposa njira zina zonse. Funsani namwino kaye, chifukwa mapiritsi olera si onse amene amayenera.

Palibe ngakhale imodzi mwa izi imene imateteza HIV kapena chinzonono. Ngati simukudziwa mmene magazi a mnzanuyo alili, kapena ngati munagwiriridwa, pitani kuchipatala pasanathe maola 72 mukapemphe PEP, mankhwala oteteza kuti musatenge HIV, pamodzi ndi mapiritsi olerawo. Mapiritsi adzidzidzi amangophimba za dzulo, mukagonananso mawa popanda chitetezo muli poyera. Ndipo ngati patadutsa milungu ingapo mwayamba kumva kupweteka koopsa mbali imodzi ya chinena, makamaka msambo utachedwa, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo akaone ngati mimba siinakhale kunja kwa chiberekero.