Ku Pretoria ndi ana: namgumi kapena mapiri awiri?

Ambirife a ku Joni kuno Pretoria timangoidziwira ku ofesi ya kazembe, tikafuna mapepala. Ine ndapitako kawiri ndi ana anga, wazaka 7 ndi wazaka 13, kukangoona malo. Njira zomwe tinayenda ndi ziwiri, ndipo iliyonse ili ndi mwana wake.

Yoyamba ndi ya m'tauni: nyumba yoonetsera zachilengedwe ya Ditsong National Museum of Natural History m'mawa, Union Buildings masana. Simufunika galimoto. Mukwera sitima ya Gautrain pa Park Station, ola lisanathe mwafika, ndipo kuchoka pa siteshoni ya Pretoria mungotsata msewu wa Paul Kruger wapansi. Kamba wanu mumange bwino m'chikwama, chifukwa m'sitimamo saloleza kudya ngakhale kumwa.

Wamng'onoyo anagwidwa mtima tisanalowe n'komwe. Panja paima mafupa a namgumi, ndipo mwana amene nsomba yaikulu yomwe ankaidziwa ndi kampango wa kwa agogo ake anangoti kukamwa yasa. M'kati muli nyama zoumika, miyala, ndi mbalame zambirimbiri, mwakuti tinatha nthawi tikupikisana kuzitchula m'Chichewa: nkhwazi, nantchengwa, kadzidzi, nkhanga. Ana obadwira kuno mayinawa sawamva kusukulu, choncho kwa ine phindu linali pomwepo. Nyumba yomweyi ndiyo imasunga chigaza chotchuka cha Mrs Ples, cholengedwa chakalekale chofanana ndi munthu, chomwe chinapezeka ku Sterkfontein mu 1947.

Ku Union Buildings simulipira kanthu, koma m'nyumbamo simulowa, muli maofesi a pulezidenti. Zanu ndi kapinga, maluwa, masitepe, ndi chiboliboli cha Mandela cha mamita 9 atatambasula manja, chomwe anachivundukula pa 16 December 2013. Tinayala chitenje n'kudya mpunga wathu. Ndili chikhalire ndinawauza kuti pompano, pa 9 August 1956, amayi pafupifupi 20,000 anabwera kudzakana malamulo a zitupa, ndiponso kuti Mandela analumbirira pano pa 10 May 1994. Wamkuluyo anamvetsera. Mng'ono wake anali kalikiliki kugubuduka pa kapinga.

Njira yachiwiri ndi ya mapiri awiri oyandikana, Voortrekker Monument ndi Freedom Park. Konseku mumalipira polowa, ndipo popanda galimoto kapena Uber muvutika. Chipilala cha Voortrekker chinatsegulidwa mu 1949, n'chotalika mamita 40, chozunguliridwa ndi mpanda wa ngolo za ng'ombe 64 zosema. M'kati, zithunzi zosema pakhoma zimafotokoza ulendo wa Mabunu kuchoka ku Cape ndi nkhondo yawo ndi Azulu ku Blood River mu 1838. Anachimanga mwaluso moti chaka chilichonse pa 16 December, dzuwa likafika paliwombo, kuwala kumalowa pa kabowo ka kudenga n'kugwera pa mwala wachikumbutso pansi. Koma amene akusimba nkhaniyo ndi opambana, ndipo munthu wakuda pa zithunzizo amaoneka mmene iwo anafunira. Mwana wanga wamkazi anandifunsa kuti, "Amayi, nanga Azuluwo mbali yawo anailemba kuti?" Ndinamulozera phiri linalo.

Freedom Park, pa phiri la Salvokop, ndiyo yankho lake: khoma lalitali la mayina a anthu amene anafa pa nkhondo zosiyanasiyana, mu ukapolo ndi polimbana ndi tsankho, kuphatikizapo asilikali a ku Cuba amene anafera ku Angola. Ndi malo a bata, oyenda pang'onopang'ono mukuwerenga. Wazaka 13 anatulukako ali ndi mafunso okwanira msewu wonse wa N1 wobwerera ku Joni. Wazaka 7 anatopa ndi dzuwa ndi chitunda, ndipo ndinamaliza ulendo nditamubereka kumbuyo ngati khanda. Mukasankha njirayi musapite kumodzi kokha, muone konse kuwiri tsiku limodzi, muyambire ku chipilala.

Ngati mwana wanu sanakwane zaka 10, musadzivute, tengani njira ya namgumi: ndi yotchipa, mthunzi ulipo, ndipo akatopa pali pogona. Mapiriwo adikire mpaka atayamba kuphunzira za tsankho kusukulu. Ngakhale Apartheid Museum ya konkuno ku Joni, eni ake amanena kuti siyoyenera ana osakwana zaka 11.

Mukatha kusankha nyengo, pitani mu October, pamene mitengo ya jakaranda imachita maluwa misewu yonse ya Pretoria. Madzi akumwa munyamule okwanira, ndipo Loweruka ndi bwino kunyamuka ndi sitima ya m'mawa kuti masana akupezeni muli kale pa kapinga.