Paris kupita ku Nice pa ndege: ola ndi theka la pa tikiti si ulendo wonse

Pa tikiti analemba ola limodzi ndi mphindi 30 kuchoka pabwalo la ndege la Orly ku Paris kukatera ku Nice, kum'mwera kwa France, ndipo sananame. Mumlengalenga mtunda wake sukwana makilomita 700. Khofi wanga anali asanazizire n'komwe pamene anatiuza kuti timangenso malamba, tikutsika. Koma kuyambira potseka chitseko ku Paris mpaka potula chikwama kuhotela, panapita maola anayi ndi kamphindi.

Ku Orly ndinapita pa sitima yapansi panthaka ya nambala 14, imene inayamba kufika kubwaloli mu June 2024. Ndi yachangu, kungoti tikiti yake ndi yodula kuposa ya m'tauni. Nthawi yambiri inathera pamzere wosechedwa, kenako kukhala pabenchi kudikira kuti atiitane.

Chimene chinandinyansa ndi nkhani ya katundu. Kampani imene ndinakwera inandikopa ndi mtengo wotsika, koma chikwama chokoka, chaching'ono ndithu, anandilipiritsa padera. Kusankha mpando nakonso ndalama. Pomaliza kutchipa kuja kunali kutapita. Mipando ndi yothina, mawondo anga ankagunda mpando wakutsogolo, ngakhale pa ulendo waufupi chonchi munthu umangopirira. Ogwira ntchito m'ndegemo anali aulemu, ndipo tinanyamuka pa nthawi yake.

Komabe ndikanati ndibwereze, ndikanakweranso ndege yomweyo. Sitima yaliwiro ya TGV yochokera ku siteshoni ya Gare de Lyon ku Paris imatenga pafupifupi maola 6 kuti ifike ku Nice. Imathamanga koopsa mpaka chakufupi ndi Marseille, pomwe njanji yaliwiro imathera, ndiye kuchokera apo imayenda mwachifatse m'mbali mwa nyanja, kudutsa Toulon, Cannes ndi Antibes. N'chifukwa chake lamulo la ku France la mu 2023, loletsa ndege pa maulendo amene sitima imafika pasanathe maola awiri ndi theka, linakhudza za ku Orly kupita ku Lyon, Nantes ndi Bordeaux, osati Nice. Pa galimoto ndiye musayerekeze ngati muli pachangu, ndi makilomita oposa 900.

Ndalama ya mpando ija sindinaidandaule kwenikweni. Ndinakhala pawindo lakumanzere, ndipo mapiri a Alps anaoneka ali mbuu ndi chipale chofewa. Potera, ndege inatsika pamwamba pa nyanja ya Mediterranean mpaka mayi amene ndinakhala nawo pafupi anagwira mpando mwamphamvu, poganiza kuti tikugwera m'madzi. Bwalo la ku Nice lili m'mphepete mwenimweni mwa nyanja.

Mukatuluka, tramu (sitima yoyenda m'misewu ya m'tauni) ya nambala 2 ili pomwepo, ndipo mkati mwa theka la ola ndinali pakati pa tauni.

Ndikupereka nyenyezi 4 pa 5. Imodziyo yapita ndi chikwama chija. Ulendo wa ku Marseille wokha ndidzakwera sitima, popeza ndi maola atatu basi ndipo imakusiya m'tauni momwemo.