Miyezi 8 ndikusefa zotsatira za CalculiX mu ParaView

Nditangoyamba kugwiritsa ntchito ParaView, pulogalamu yoonetsa zotsatira za masamu a pa kompyuta m'zithunzi, ndinalemba mwachidule kuti pulogalamuyi yandipeputsira ntchito yowerenga zotsatira. Papita miyezi 8 tsopano. Ndikuikondabe, koma kagwiritsidwe kanga kasintha kwambiri, n'chifukwa chake ndabwereranso pa nkhaniyi.

Ntchito yanga yambiri ndi ya zitsulo, makamaka nsanja za mathanki a madzi ndi mapuleti olumikizira nsanamira. Masamu ake ndimachitira mu CalculiX, pulogalamu yaulere ya finite element (njira yogawa chinthu m'tizidutswa totchedwa ma element, tolumikizana pa madontho otchedwa ma node) yomwe analemba Guido Dhondt ndi Klaus Wittig. Ikamaliza imatulutsa fayilo ya .frd, ine n'kuisandutsa ya .vtu ndi kapulogalamu ka ccx2paraview, kenako n'kuitsegula mu ParaView ya kampani ya Kitware. Palibe layisensi yomwe ndimalipira, ndipo kwa ife amene ndalama zakunja zimativuta kupeza, zimenezi n'zofunika kwambiri.

Chimene chinandikopa poyamba ndi sefa ya Threshold, yomwe imangosiya malo omwe nambala yake ili m'malire omwe wasankha. Chithunzi chamitundumitundu cha model yonse chimakoma m'maso, koma sichikuuza poyambira. Ukaika Threshold pa von Mises stress (muyeso wa mphamvu yomwe ikupanikiza chitsulo, mu MPa) kuti zitsale zoposa 200 MPa zokha, chitsulo chonse chimazimiririka, n'kutsala timadontho pafupi ndi mabowo a mabawuti ndi m'mbali mwa powotcherera. Pa chitsulo cha S275, chomwe chimayamba kugonja pa 275 MPa ngati kukhuthala kwake sikuposa mamilimita 16, amenewo ndiwo malo oyamba kuwaunika.

M'mwezi wachitatu ndinatsala pang'ono kugwa m'mbuna, ndipo cholakwa chinali changa. CalculiX imawerengera stress mkati mwa element, pa malo otchedwa ma integration point, kenako imaikokera ku ma node. Threshold nayo imasunga kapena kutaya element yathunthu. Pali kabokosi kolembedwa All Scalars, ndipo kakachongedwa, element imatsala pokhapokha ma node ake onse ali m'malire omwe wasankha. Ndiye element yomwe node yake imodzi yadutsa malire koma enawo ali pansi imatayidwa. Ndinasefa puleti ina, sikirini inayera mbee, mtima n'kukhala pansi. Chinandipulumutsa ndi tsamba la Information, pomwe nambala yaikulu kwambiri inali pamwamba pa malire anga. Kuchokera tsiku limenelo ndimaonetsetsa kuti kabokosiko sikanachongedwe ndisanasefe, ndipo ndikupempha anzanga amene mwangoyamba kuti muzikayang'ana nthawi zonse.

Palinso vuto la mbali inayo, pomwe sefa imakuonetsa chinthu choopsa chomwe kulibe. Pa ngodya yakuthwa yolowa mkati, kapena pomwe wamangirira model pa node imodzi, stress imakwerabe ukamachepetsa kukula kwa ma element, ndipo siima. Izi zimachokera m'masamu, chitsulo chenicheni sichichita choncho. Threshold imayatsa malo amenewa nthawi zonse. Apa ndi pomwe Plot Over Line, yomwe imajambula girafu ya stress motsatira mzere, yandigwirira ntchito kuposa sefa ina iliyonse. Ndimakoka mzere kuchokera pa ngodya kupita mkati mwa puleti, n'kuchita chimodzimodzi pa mesh ziwiri (magawidwe a model m'ma element), ya ma element okulirapo ndi ya aang'ono. Mizere iwiri ya pa girafu ikakumana patangopita mamilimita ochepa kuchokera pa ngodya, ndimadziwa kuti nsonga ija ndi ya masamu chabe. Ikasiyana mpaka kutali, mesh yanga sinakwane, ndiyenera kubwereza. Lero Threshold imangondilozera malo, koma chigamulo ndimapanga ndi Plot Over Line.

Zina ndi zing'onozing'ono koma zandisungira nthawi. Ndi Calculator ndimagawa stress ndi 275, kuti paliponse podutsa 1 paoneke msanga. Clip ndi Slice zimandilowetsa mkati mwa puleti yokhuthala. Warp By Vector imakulitsa kupindika kuti kuoneke, koma mu lipoti ndimalemba kuti ndakulitsa kangati, chifukwa mwini ntchito akaona nsanja yopendekeka choncho sagona. Mitundu ndimaiikira malire ofanana pa katundu aliyense amene nsanja yasenza, apo ayi kufiira kwa thanki yodzadza ndi kufiira kwa thanki yopanda madzi kumatanthauza zinthu zosiyana. Thanki ya malita 10,000 ili ndi madzi olemera pafupifupi matani 10, koma ikakhala yopanda kanthu mphepo imafuna kuzula mabawuti a pansi, ndiye zonse ziwiri ziyenera kuonedwa. Masefa onsewa ndimawasunga ndi Save State, n'kungowatsegula pa ntchito yotsatira.

ParaView sinapangidwire zomangamanga zokha, choncho sidziwa malamulo a design kapena kusakaniza katundu. Amene ntchito yawo ndi nyumba zosanja za konkire apeza msanga zomwe akufuna m'mapulogalamu opangidwira zimenezo. Ndipo pali chinthu chomwe sefa ya stress singakuonetseni: nsanamira yaitali yopyapyala imatha kukhota n'kugwa stress isanafike pa 275 MPa. Pa nsanja iliyonse ndimayendetsanso *BUCKLE, yomwe imayesa kukhota kumeneku, mu CalculiX payokha, ndipo sindisainira chojambula ndisanaone nambala yake.