Ufa wa tchana wa ku Limbe ukuposa ufa wa m'paketi wolowa m'malo mwa mazira

Dzira limagwira ntchito zitatu mu keke: limamata zosakaniza kuti keke isayoyoke, limathandiza kufufuma, ndipo limasunga chinyezi. Palibe chochokera ku zomera chomwe chimachita zonsezi pakamodzi, choncho yambani mwadziwa chomwe mukuphika musanatulutse ndalama.

Ufa wa m'paketi wochokera kunja, monga Bob's Red Mill Egg Replacer, uli ndi sitachi ya mbatatesi, ufa wa chinangwa, soda ndi psyllium (makoko a njere za chomera china, omwe amamata akanyowa). Supuni yaikulu imodzi ya ufawu ndi masupuni aakulu 2 a madzi zimaimira dzira limodzi. M'mabisiketi ndi m'makeke ang'onoang'ono umamata bwino ndipo susintha kakomedwe. Koma simungaukazinge ngati mazira, ndipo keke yofuna mazira anayi imatuluka yolemera. Kulipira mtengo wa katundu wakunja chifukwa cha sitachi ya chinangwa n'kovuta kukuvomereza.

Ufa wa tchana, womwe m'masitolo a amwenye ku Limbe amautcha besan, ndi umene ndikuuyamikira. Pophika keke, masupuni aakulu 3 a ufa ndi 3 a madzi amaimira dzira limodzi. Pofuna chokazinga cha m'mawa, sakanizani theka la kapu ya ufa ndi theka la kapu ya madzi, anyezi wodula tating'onoting'ono, tomato ndi mchere, kenako musiye kwa mphindi 10 kuti ufa umwe madzi. Kazingani pamoto wapakatikati, mphindi 3 kapena 4 mbali iliyonse, mutavundikira. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: pambaula yoyaka kwambiri kunja kumapserera m'kati muli mwamuwisi, ndipo tchana wosapsa amawawa ndiponso amanunkha nyemba. Phulani makala ena moto uchepe. Fungo la dzira limachokera ku mchere wakuda wotchedwa kala namak, womwe uli ndi salufa. Uwazeni mutaphula, chifukwa kutentha kumauluza fungolo.

Madzi ophikira tchana musataye. Masupuni aakulu 3 amaimira dzira lathunthu, 2 amaimira choyera cha dzira, ndipo amamenyeka mpaka kuchita thovu louma. A m'chitini amakhala okonzeka kale. Ophika nokha muwawiritsenso mpaka atananda pang'ono ngati choyera cha dzira, ndipo azizire kaye. Mbale ndi chomenyera zikhale zopanda mafuta ngakhale kadontho, apo ayi thovu silidzuka. Ndi makina zimatenga mphindi pafupifupi 10, koma pamanja mkono umatopa. Shuga muzithira pang'onopang'ono thovu litayamba kuuma.

Nthochi yakupsa kwambiri, magalamu 60 yofinyafinya, imayenera chigumu ndi keke ya nthochi basi, chifukwa fungo lake silibisika. Chepetsani shuga ndipo onjezani theka la supuni ya tiyi ya baking powder, popeza nthochi imalemeretsa.

Keke yopepuka imafuna supuni yaikulu ya viniga ndi supuni ya tiyi ya soda. Uvuni ukhale utatentha kale pa madigiri 180, chifukwa mpweya umayamba kutuluka zikangokumana, ndipo mukachedwa kuika mu uvuni keke imakhala pansi. Izi zimafufumitsa koma sizimata, ndiye keke ikaphulidwa muidikire izizire musanaidule.